GPS yanga ya m'manja inkangouma, ndipo vuto silinali limodzi

Ntchito yanga ndi yoyenda m'nkhalango, kulemba malo amene pali mitengo imene tikutsatira kakulidwe kake komanso kuyeza malire a zigawo zimene zabzalidwa kumene. GPS ya m'manja ndiye chida chimene ndimadalira tsiku ndi tsiku. Yanga ndi yamabatani, yoyendera mabatire awiri a AA, ndipo inanditumikira zaka 4 osandivutitsa. Kenako inayamba kuuma. Ena amati kufiriza, ena amati kuhang'a, koma chinthu chake n'chimodzi: sikirini ili chiyakire, mapu akuoneka, koma ukadina batani lililonse palibe chikusintha. Ngakhale batani lozimitsira silinkamva. Kuti itsitsimuke ndinkachita kutsegula kumbuyo, kuchotsa mabatire, kuwabwezeretsa n'kuyatsanso.

Ndinavutika nayo milungu 5. Ndikanayamba ndi zimene ndinamalizira, mlungu umodzi ukanakwanira, n'chifukwa chake ndaganiza zolemba zonse mmene zinayendera.

Tsiku limene zinandipweteka kwambiri ndinali ndikuzungulira malire a chigawo china kwa maola atatu. Ndinkaisuzumira mwa apo ndi apo, kamuvi kali pamapu, mtima uli m'malo. Nditafika pangodya yomaliza n'kufuna kusunga malowo, batani silinayankhe. Poyang'anitsitsa wotchi ya pasikirini ndinapeza kuti inaima mphindi 50 m'mbuyomo. Mtunda wonse umene ndinayenda m'mphindi zimenezo sunalembedwe. Kungoyambira tsiku limenelo ndinaika wotchi yoonetsa masekondi pakona ya mapu, ndipo ngati chida chanu chimalola, chitani zomwezo lero lomwe. Kamuvi kongokhala pamapu kangakunamizeni, koma masekondi akaima mumadziwa nthawi yomweyo.

Maganizo anga oyamba anathamangira kumwamba. Ndinkati masetilaiti ndi amene akuvuta, poti ndimagwira ntchito pansi pa mitengo yowirira ndi m'zigwa zakuya. Milungu iwiri yathunthu inathera pa maganizo amenewa, ndikukwera pamalo oonekera, kukweza chida m'mwamba, kusinthasintha pakati pa GPS yokha ndi GPS yophatikiza ndi GLONASS, masetilaiti a ku Russia ogwira ntchito yomweyo. Ndifotokoze chifukwa chake zonsezi zinali kutaya nthawi.

Masetilaiti a GPS ndi a boma la America ndipo amazungulira dziko ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, setilaiti iliyonse kawiri patsiku. Anawakonza kuti azikhala osachepera 24, ngakhale kuti ogwira ntchito amakhala cha m'ma 30. Chida cha m'manja sichitumiza kanthu kumwambako, chimangomvetsera. Chikamva masetilaiti osachepera 4 chimatha kuwerengera pamene chili, kukwera kwa malowo, n'kukonzanso wotchi yake. Uthengawo umafika pansi pano uli wofooka kwambiri, moti masamba onyowa, thanthwe, denga, ngakhale thupi lanu lomwe, zimautchinga. Zonsezi n'zoona ndithu. Koma chida chimene chasowa masetilaiti sichiuma. Chimalemba kuti chikufufuza, kapena chimakuchenjezani kuti malo amene chikupereka angaphonye ndi mamita ambiri, koma mabatani amagwira, menyu imatseguka, wotchi imayenda. Mukaona kuti batani silikumva, siyani kuyang'ana kumwamba. Vuto lili m'manja mwanumo.

Amene anandibweza panjira ndi bambo ena achikulire amene tinkagwira nawo ntchito. Iwo anayamba kugwira zida zimenezi kalekale, boma la America lisanasiye kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba mu May 2000, nthawi imene malo ankatha kuphonya ndi mamita 100. Nditawadandaulira, anandifunsa:

"Ikumauma mukuchita chiyani, achimwene?"

"Ilibe nthawi yake, bambo. Imangouma."

"Palibe makina amene amangouma. Simunalembe chabe. Tengani kope, ikauma muzilemba nthawi, mabatire amene alimo, chimene mumachita, ndi chimene chili pasikirini. Ndipo musamasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mukatero, ikachira simudzadziwa chimene chaichiritsa."

Mawu omalizawo ndi amene anandilowa, chifukwa m'milungu iwiri ija ndinali nditasintha mabatire, masetilaiti, kuwala kwa sikirini ndi mapu, zonse mophatikiza, ndipo sindikanatha kunena chimene chathandiza kapena kuwonjezera vuto.

Ndisanayambe kulemba m'kope, anandiuzanso kuti ndikopere zonse za m'chidacho pakompyuta. Musadumphe pamenepa. Mukalumikiza GPS yotere pakompyuta ndi chingwe cha USB, kawirikawiri imaoneka ngati fulashi. Koperani zonse zimene mukuziona, osati mafayilo a njira zanu okha, n'kuziika mufoda yolembedwa tsiku. Ngati muli khadi ya memori, nayonso muikopere payokha. Njira zambiri zokonzera chida chouma zimafafaniza zinthu, ndipo malo amene munawasunga mutayenda tsiku lonse simungawagule kwina. Kompyuta ikapanda kuchiona chidacho, musafulumire kunena kuti chafa. Zingwe zina za USB zimangodutsitsa moto, sizidutsitsa mafayilo, ndipo ndi maso simungazisiyanitse. Ine ndinayesa zingwe ziwiri, chachitatu ndiye chinagwira.

Patatha milungu iwiri, m'kope munali mizere 11. Nditaiwerenga yonse pamodzi, inagawikana yokha pawiri. Maulendo 7 chidacho chinauma kapena kuzima ndili paulendo, ndipo pafupifupi paliponse ndinali nditalemba zinthu zofanana: ndadumpha ngalande, ndatsetsereka pamalo otsika, chida chagunda chikwama, ndachiika pansi mwamphamvu. Maulendo 4 otsalawo chinauma poyatsa, chisanafike n'komwe pamapu, chitaima pa mawu onena kuti chikuwerenga njira ndi malo osungidwa. Ndipo onse 4 anali m'mawa wotsatira tsiku limene ndinachilumikiza pakompyuta.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndikulimbana ndi matenda awiri ooneka ngati amodzi.

Ndinayamba ndi loyamba, la kugwedezeka. Kuyesa kwake n'kosavuta: yatsani chida, dikirani chifike pamapu, kenako muchigogode pachikhatho katatu kapena kanayi, osati mwaukali, koma mmene chingagundire pachikwama mukuthamanga. Changa chinazima pa kugogoda kwachiwiri. Nditabwereza, sichinazime koma chinauma, masekondi n'kuima nji. Umu ndi mmene ndinamvetsera kuti kuzima ndi kuuma kunkachokera kumodzi. Moto ukaduka kwa nthawi yotalikirapo, chida chimazima. Ukangophethira pang'ono chabe, kakompyuta ka m'kati kamasokonezeka n'kuima pamene kali, sikirini n'kutsala ndi chithunzi chomaliza.

Nditatsegula kumbuyo n'kuunika ndi tochi, ndinapeza zinthu zitatu. Kasipuling'i kamodzi kanali katafooka, sikankakankhanso batire mwamphamvu ngati kanzake. Pa kachitsulo kena panali kaufa koyera. Ndipo kasiponji kamene kamakhala kuseri kwa chitsekero, kamene ntchito yake ndi kupanikiza mabatire kuti asamasewere, kanali kataphwa n'kusalala ngati pepala. Ndikagwedeza chida chili chotseka, ndinkamva mabatire akuti gwedegwede chapansipansi. Zaka 4 ndinali ndisanaganizepo zomvetsera phokoso limenelo.

Kaufa koyerako kamachokera ku mabatire a alkaline akadontha. Madzi ake ndi potassium hydroxide, amawotcha khungu, choncho musawakhudze ndi zala ndipo asakulowe m'maso. Ndinanyowetsa kathonje ka pakamtengo ndi kadontho ka viniga, chifukwa asidi wofooka amathetsa mphamvu ya ufawo, n'kupukuta kachitsuloko kokha, osalola kuti chinyezi chilowe m'kati. Kenako ndinapukutanso ndi sipiriti, n'kusiya chida chotsegula mpaka chiume. Tizitsulo tina tonse ndinatikwecha ndi labala ya pensulo mpaka tinawala. Kasipuling'i kofooka kaja ndinakakoka pang'onopang'ono ndi kapulayala kakang'ono. Pamenepa pafunika dzanja lofatsa, chifukwa mukakathyola, ntchito yakula. Kasiponji ndinakamatula n'kumata kena kokhuthala mofanana. Ndaonapo anthu akupinda kapepala kachitsulo konyezimira n'kukatsindira pakati pa batire ndi sipuling'i. Ine sindivomereza zimenezo. Kakasuntha n'kukhudza mbali ziwiri, mabatire amatentha ndipo akhoza kuwononga chida chonse.

Pa mabatire enieniwo pali zambiri zimene ndinazidziwa mochedwa. Batire ya AA ya alkaline imapereka mavoti 1.5 ikakhala yatsopano ndipo mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono. Yotchaja ya NiMH imapereka mavoti 1.2 ndipo imakhala pamenepo nthawi yaitali, kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Ya lithium ya AA imalembedwa 1.5 ndipo ndi imene imapirira kuzizira kuposa zinzake. Zida zambiri za m'manja zimakhala ndi malo mumenyu osankhira mtundu wa batire imene mwaika. Kusankhako sikusintha moto umene ukulowa, kumangothandiza chida kuwerengera bwino mphamvu yotsala. Changa chinali pa mtundu wina pamene mabatire amene ndinkaika anali a mtundu winanso, ndiye kachizindikiro ka batire sikankanena zoona. Ndinkathanso kuika batire yatsopano pamodzi ndi yakale, kapena zotchaja ziwiri zosiyana msinkhu. Zikatero yofookayo imatha msanga, ndipo chida chikafuna moto wambiri nthawi imodzi, monga mukayatsa nyale ya sikirini mapu akujambulidwa, mphamvu imagwa. Panopa mabatire anga otchaja ndinawalemba manambala awiriawiri, ndipo awiri aliwonse amatchajidwa limodzi n'kugwira ntchito limodzi. Kanthu kenanso: batire ya AA imayenera kukhala yotalika mamilimita pafupifupi 50, koma opanga amasiyana pang'ono. Pa chida chimene sipuling'i yake yafooka, kusiyana kochepa kumeneko kumakwanira kudula moto.

Nditamaliza zonsezi ndinagogodanso chida pachikhatho kakhumi. Masekondi anapitiriza kuyenda. Masiku atatu otsatira ndinayenda nacho m'malo ovuta osauma ngakhale kamodzi.

Madzulo a tsiku lachitatu ndinachilumikiza pakompyuta kuti nditengemo ntchito ya mlunguwo. M'mawa mwake, poyatsa, chinaumanso pa mawu aja a kuwerenga njira. Ndikanakhala kuti ndinalibe kope, ndikanaganiza kuti ntchito yonse ya mabatire ija inali yachabe, mwinanso ndikanachitaya chidacho. Koma kope linali litandiuza kale kuti vuto lachiwiri lidakalipo ndipo silikhudzana ndi kugwedezeka.

Poyatsa, GPS imachita zinthu motsatizana: imadzutsa pulogalamu yake, imawerenga mapu, kenako imawerenga mafayilo a njira ndi malo amene mwasunga. Chimene chili pasikirini pamene yaumira chimakulozerani poyambira. Ikaima pa chizindikiro cha opanga, kayikirani pulogalamu yake kapena khadi ya memori. Ikaima pa mapu, kayikirani fayilo ya mapu. Yanga inkaima pa njira ndi malo osungidwa. Ndinaonanso kuti sinkawerenga mafayilo onse poyatsa paliponse. Inkawawerenganso onse pokhapokha ikaona kuti mwina asintha, monga pambuyo poilumikiza pakompyuta. Zimenezi ndi zimene zinkachititsa kuti vutoli lizioneka ngati lobwera mwa apo ndi apo, chonsecho linali ndi nthawi yake yeniyeni. Zinandithandizanso, chifukwa tsopano ndinkatha kuliputa dala: kulumikiza, kuchotsa, kuyatsa, n'kuona.

Choyamba ndinachotsa khadi ya memori. Pa chida changa khadiyo imakhala pansi pa mabatire, m'kachitseko kachitsulo kotsetsereka, ndipo kachitseko kameneka kakapanda kutsekedwa bwino, khadi imasuntha mukamasintha mabatire. Khadi ndi imodzi mwa zinthu zimene zimaumitsa zida zimenezi kawirikawiri, choncho ndi bwino kuiyesa msanga. Zida zakale zambiri zimalandira makhadi a microSDHC okha, amene amalekezera pa 32 GB ndipo amakonzedwa mwa kasungidwe ka mafayilo kotchedwa FAT32. Makhadi aakulu kuposa pamenepo ndi a SDXC, amabwera ali pa kasungidwe kena kotchedwa exFAT, ndipo chida chakale chikhoza kusawaona kapena kuvutika nawo. Pa FAT32 fayilo imodzi singapitirire 4 GB, ndiye fayilo yaikulu ya mapu ikhoza kukana kulowa kapena kulowa yoduka. Palinso makhadi achinyengo olembedwa kukula kumene alibe. Amaoneka abwinobwino mpaka malo ake enieni atadzaza, kenako amayamba kuwononga mafayilo mwakachetechete. Koma ine nditachotsa khadi, chida chinaumabe pamalo omwe aja. Khadi inalibe mlandu.

Chotsatira ndinalowa mumemori ya m'kati. Mufoda ya GPX, momwe mumakhala mafayilo a njira ndi malo osungidwa, munali mafayilo 46. Ndinawasamutsira onse pakompyuta, foda n'kutsala yopanda kanthu, n'kuyatsa. Chinayaka bwinobwino mpaka pamapu, mwamsanga kuposa mmene ndinkachidziwira. Ndiye kuti wolakwa anali pakati pa 46 amenewo.

Kuyesa imodziimodzi kukananditengera usiku wonse. M'malo mwake ndinawagawa pakati. Ndinabwezera 23 oyamba, chinayaka. Ndinawachotsa n'kuika 23 enawo, chinauma. Pa 23 amenewo ndinaika 12, chinauma. Pa 12 ndinaika 6, chinayaka, kusonyeza kuti vuto lili mwa 6 otsalawo. Kenako 3, kenako imodziimodzi. Pasanathe ola fayiloyo inali pamaso panga. Chida chikauma n'kukana kuoneka pakompyuta pa nthawi ya kuyesaku, musataye mtima. Zida zambiri zili ndi njira yozikakamiza kuti zilowe ngati fulashi zisanayambe kuwerenga mafayilo, kawirikawiri pogwira batani linalake pamene mukulowetsa chingwe. Batani lake limasiyana malinga ndi mtundu wa chida, ndiye muone m'kabuku ka malangizo ka chida chanucho.

Ubwino wa GPX ndi wakuti ndi mawu wamba, a mtundu wa XML, amene mungawatsegule ndi pulogalamu iliyonse yolembera, ngakhale Notepad. Malo aliwonse amene munaponda amalembedwa ngati kadontho kokhala ndi latitude, longitude, kukwera kwa malo ndi nthawi. Chilichonse chimene chatsegulidwa m'fayiloyo chimayenera kutsekedwa, ndipo fayilo yabwino imathera pa mawu akuti </gpx>. Nditatsikira kumapeto kwa yangayo, ndinapeza kuti inathera pakati pa mzere. Kadontho komaliza kanali ndi latitude, koma longitude inadukira pa manambala awiri, ndipo kutsogolo kwake kunalibe chilichonse. Chida chinkawerenga mpaka pamenepo n'kumadikira mapeto amene sankabwera.

Nditaona tsiku la fayiloyo, ndinakumbukira. Madzulo amenewo ndinali nditadina kuti njira ya tsikulo isungidwe, ndipo kachizindikiro kosunga kadakali kuzungulira ndinaika chida pamwala kuti ndimange nsapato. Chinazima. Ndinachiyatsanso, chinayaka, ndipo sindinaganizirenso za nkhaniyo. Apa zonse zinalumikizana. Sipuling'i yofooka ndi imene inadula moto fayilo ikulembedwa, fayilo n'kutsala yoduka, ndipo fayilo yodukayo n'kukhala vuto palokha limene linapitirira ngakhale sipuling'i itakonzedwa. Vuto loyamba linabereka lachiwiri. Ndikanachotsa fayiloyo osakonza mabatire, ina ikanadukanso posachedwa. Ndikukhulupirira kuti anthu ambiri amene amati anayesa zonse koma sizinathandize amakhala atakonza theka limodzi lokha.

Fayilo yoduka ikhoza kupulumutsidwa. Ndinaikopera kaye kuti ndizigwira ntchito pa kope lake, n'kufafaniza kadontho kosakwanira kaja mpaka pamene kadontho kathunthu komaliza kanatsekedwa ndi </trkpt>. Kenako ndinalemba ndekha mawu atatu otsekera motsatizana: </trkseg>, </trk> ndi </gpx>. Kuti nditsimikize, ndinasintha mathero a dzina la kopelo kukhala .xml n'kulitsegula mu Firefox. Fayilo ya XML ikakhala ndi cholakwika, pulogalamu yotere imakuuzani nambala ya mzere umene pali vuto. Sinadandaule. Ndinabwezera dzina la .gpx, kuika m'chida, ndipo chinayaka.

Njira yomweyi inadzandithandizanso patapita miyezi ingapo, mnzanga wina atanditumizira fayilo ya malo imene anailemba ndi manja. Dzina la malo ena linali ndi chizindikiro cha & pakati pa mawu awiri. Mu XML chizindikiro chimenechi chili ndi ntchito yapadera ndipo sichiloledwa kuima chokha, chimayenera kulembedwa kuti &amp;. Tizizindikiro ta < ndi > natonso ndi bwino kutipewa m'mayina a malo. Panopa fayilo iliyonse yochokera kwa munthu wina ndimayamba ndaiyesa pakompyuta isanalowe m'chida, ndipo ndimaika imodzi, kuyatsa, kuona, kenako ina. Muziyang'ananso timafayilo tobisika timene makompyuta ena amasiya, toyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi koma tothera pa .gpx. Timeneti si njira zenizeni, koma chida chikhoza kuyesa kutiwerenga.

Popeza moto unali utaduka kambirimbiri chida chikulemba, ndinakayikira kuti mwina memori yonse ili ndi zipsera. Pa Windows pali chkdsk, imene imayendera fulashi n'kukonza zosokonekera m'kaundula wa mafayilo. Inapeza tizidutswa tingapo topanda mwini n'kutiika mufoda yotchedwa FOUND.000. Muchite zimenezi mutakopera kale zonse. Khadi ya memori mukhoza kuifomata ikavuta, koma memori ya m'kati mwa chida musaifomate ndi kompyuta, chifukwa muli mafayilo amene chida chimafunika kuti chiyake. Ndinasiyanso chizolowezi chongozula chingwe. Kompyuta imatha kuonetsa ngati yamaliza kukopera pamene zina ikuzisungabe kuti izilembe pambuyo pake, ndiye muziyamba mwadina kuti fulashi ichotsedwe bwino, n'kudikira ikuuzeni.

Pali china chimene chimafanana ndi kuuma koma si kuuma, ndipo ndinkachiphatikiza m'masiku oyamba aja: kuchedwa. Kakompyuta ka m'zida zimenezi ndi kofooka poyerekeza ndi ka foni, chifukwa anakapanga kuti kazidya moto wochepa. Mukayatsa mapu awiri kapena atatu ophimba dera limodzi, n'kuika kuti aonetse chilichonse, n'kuonetsanso njira zakale zambiri zokhala ndi timadontho masauzande, kujambula sikirini imodzi kumatenga masekondi angapo, makamaka mukatalikitsa mapu kuti muone dera lalikulu. Mukapitiriza kudinadina, mumangowonjezera ntchito pamzere. Dikirani mphindi imodzi musanachotse mabatire. Chikadzuka chokha, chinali chotanganidwa chabe. Ine ndinasiya mapu amodzi oyaka, a OpenStreetMap, ndinatsitsa kuchuluka kwa zoonetsa, ndipo njira zakale ndimazisunga pakompyuta, m'chida mumakhala za ntchito ya mlungu umenewo zokha. Kukazizira kwambiri sikirini nayonso imachita ulesi, zithunzi zimasintha mochedwa, koma chida chikafunda m'thumba zimabwerera mwakale.

Firmware, imene ndi pulogalamu yoyendetsa chida chonse, ndinaikhudza pomaliza, ndipo ndikuona kuti ndi pamalo pake. Opanga amatulutsa zatsopano zokonza zolakwika, kuphatikizapo za kuuma, ndiye n'koyenera kuona ngati yanu ndi yakale. Koma taganizirani chimene chikanachitika ndikanayamba nayo sipuling'i ija idakali yofooka. Moto ukaduka firmware ikulembedwa, chida chikhoza kusadzayakanso. Konzani kaye za moto, ikani mabatire odzaza, tengani firmware kwa opanga chidacho osati kwina, chiikeni patebulo, ndipo musachikhudze mpaka chitamaliza, ngakhale chizime n'kuyaka chokha kangapo.

Kubwezera chida mmene chinachokera kufakitale ndi chinthu chimene ambiri amathamangira, koma kwa ine sikukanathandiza, chifukwa sikulimbitsa sipuling'i ndipo pa zida zina sikuchotsa mafayilo amene munaika nokha. Kumafafaniza zimene munasankha mumenyu, ndipo kawirikawiri malo osungidwa amapita nawo. Ndinakuchita pambuyo pa firmware pofuna kuyamba poyera. Mukatero, onaninso datum, imene ndi maziko amene manambala a malo amawerengedwerapo, komanso kalembedwe ka manambalawo. GPS imayendera datum ya WGS 84, ndipo ngati ntchito yanu imagwiritsa ntchito ina, manambala anu adzasemphana ndi a anzanu osadziwa chifukwa chake. Musaiwalenso kusankha mtundu wa batire.

Kuyatsa koyamba pambuyo pa zimenezi kumachedwa kupeza masetilaiti, ndipo musaganize kuti vuto labwerera. Chida chimakhala chaiwala pamene masetilaiti ali. Uthenga wochokera kumwamba umayenda pang'onopang'ono kwambiri, mabiti 50 pa sekondi. Setilaiti iliyonse imabwereza za njira yake yeniyeni pa masekondi 30 aliwonse, koma ndandanda ya masetilaiti onse, imene amaitcha almanac, imatenga mphindi 12 ndi theka kuti ifike yonse. Ndinaika chida pamalo oonekera kumwamba konse, osachisuntha, kwa mphindi 20. Zomwezi zimachitikanso chida chikakhala miyezi osayatsidwa kapena mukachinyamula mtunda wautali chili chozima.

Mnzanga wina ananditchulira za kutha kwa manambala a milungu, ndiye ndizitchule mwachidule kuti zisakusocheretseni. Nthawi ya GPS inayamba kuwerengedwa pa 6 January 1980, ndipo mu uthenga wakale nambala ya mlungu imalekezera pa milungu 1,024, pafupifupi zaka 20, kenako n'kubwerera pa ziro. Zinachitika mu August 1999 komanso pa 6 April 2019, ndipo zidzachitikanso mu 2038. Zida zina zakale zinasokonezeka nazo, koma chizindikiro chake chachikulu ndi deti lolakwika. Changa chinkaonetsa deti lolondola, choncho ndinaisiya nkhaniyo.

Ngati mwagogoda chida osauma, mwachotsa khadi, mwatulutsa mafayilo onse, mwaika firmware yatsopano, koma chikuumabe, ndiye kuti vuto lili pa zitsulo za m'kati. Yang'anani nthunzi kuseri kwa galasi ndi dzimbiri pa kabowo ka USB. Zida zambiri zimalembedwa IPX7, kutanthauza kuti zingapirire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, koma lonjezo limeneli limadalira kamphira kozungulira chitsekero ndi kachivindikiro ka USB, zimene zimauma n'kung'aluka ndi zaka. Batani lina likhozanso kukanirira m'kati, chida n'kumaona ngati mukulidinabe, n'kusamva ena onse. Zikafika apa, pitani nacho kwa odziwa kapena kwa opanga, mutanyamula kope lanu lija kuti aone zimene mwayesa kale.

Fayilo imene ndinapulumutsa ija inali ndi njira yonse kupatula mamita pafupifupi 300 omaliza, amene sanalembedwe moto utaduka. Mlungu wotsatira ndinabwerera kuchigawo chimene ndinayenda tsiku limene fayiloyo inaduka, ndinayambira pa kadontho komaliza kamene kanapulumuka, n'kuyenda mpaka pangodya. Nditadina kuti njira isungidwe, ndinachigwira m'manja osasuntha mpaka kachizindikiro kanasiya kuzungulira, kenako n'kuchiika m'chikwama. Papita miyezi 8 tsopano, ndipo mzere womaliza m'kope langa udakali wa m'mawa uja umene chinaumira pa fayilo yoduka.